Caustic soda wa timibulu: pa udzu ndi katswiri, pa utuchi afunika moto woposa wa mphika

Ndagwiritsa ntchito caustic soda ameneyu kwa miyezi inayi pophika udzu ndi mapesi a tirigu opangira mapepala apamanja, ndipo ndikumupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Ntchito imene ndinamugulira ndi yochotsa lignin, chinthu chomwe chimamata ulusi wa cellulose m'zomera ngati guluu. Ndimasungunula magalamu 100 pa kilogalamu iliyonse ya udzu wouma, ndipo pakatha maola awiri mphika ukubwata, madzi amada bii, pamene phesi lomwe linali gwa limanyenyeka ndikalifinya ndi zala zovala magolovesi. Kuda kwa madziko ndi lignin amene wasungunuka. Mu udzu, lignin wambiri amalumikizana ndi hemicellulose, chinthu china chokuta ulusiwo, kudzera m'mfundo za mtundu wotchedwa ester, zomwe soda amazidula mosavuta ngakhale pa madigiri 100, ndipo zidutswa zake zimatsukika ndi madzi.

Nditayesa utuchi wa paini, zinthu zinasintha. Ndinaphika tsiku lonse, madzi anafiira pang'ono, koma utuchi unakhalabe wolimba. Soda sindimuimba mlandu pamenepa, chifukwa mfundo zochuluka mu lignin wa mitengo ndi za mtundu wina wolimba wa ether, zotchedwa β-O-4, ndipo kuti ziduke zambiri pamafunika kutentha kwa pafupifupi madigiri 170 m'chiwiya chotsekeka, monga amachitira m'mafakitale. Ndi chifukwa chake njira yophikira mitengo ya mapepala ndi soda, imene Hugh Burgess ndi Charles Watt anayambitsa mu 1851, inapitiriridwa ndi ya kraft, yomwe imawonjezera mankhwala a sulfide kuti mfundozi ziduke msanga. Kuonjezera soda mumphika sikuthandiza, kumangodya cellulose yemweyo, pepala n'kutuluka losalimba.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha chivindikiro cha chigubu chake, chomwe sichitseka bwino. Soda ameneyu amakoka chinyezi ndi mpweya wa carbon dioxide, kotero m'mwezi wachitatu pamwamba panali pataundana chibuma choyera chimene mphamvu yake inali yochepa. Chinanso chondidandaulitsa n'chakuti pa chigubu sanalembepo zoti soda amadya aluminiyamu n'kutulutsa mpweya wa hydrogen, womwe umayaka. Ogula agwiritse ntchito mphika wachitsulo chosachita dzimbiri, avale zoteteza maso, ndipo azithira soda m'madzi ozizira pang'onopang'ono, osati madzi pa soda, chifukwa akamasungunuka amatentha kwambiri.