Kalamba koyeza ubongo: zimene kanandithandiza ndi zimene sikanathe

Patsala pang'ono kuti chaka chikwane chigulireni kalamba kovala kumutu kaja amati kamaphunzitsa ubongo kudekha. Amayi angapo akutchalitchi kwathu kuno ku Britain, komanso achemwali anga a ku Lilongwe, akhala akundifunsa ngati n'koyenera ndalama zake. Yankho langa ndi lakuti kanandiphunzitsa kukhazika mtima pansi ndikadzidzimuka pakati pa usiku, ndipo ndikuyamikira. Koma kutentha thupi ndi thukuta zimene zimabwera munthu akamasiya kusamba, sikanazikhudze n'komwe. Amene akufuna kukagulira zimenezo, ndalama zawo asunge.

Ndili m'zaka za m'ma 50, ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Tulo tinkabwera bwinobwino madzulo. Vuto linali cha m'ma 3 koloko, pamene ndinkadzidzimuka thupi lonse likutentha, chovala chogonera chitanyoweratu, mtima ukuthamanga. Kutenthako kunkatha pakangopita mphindi zochepa. Chimene sichinkatha ndi maganizo: fizi ya ana akumudzi, lendi, agogo amene ndinawasiya asanadye bwino pa shifiti ya dzulo. Ndinkangotembenuka mpaka alamu kulira.

Kalambako ndi kansalu kofewa, kotanuka, kokhala ndi timasensa pamphumi ndi kuseri kwa makutu. Timasensato timamva timagetsi tochepa kwambiri timene ubongo umatulutsa. Imeneyi ndi EEG, njira yomweyi imene kuchipatala amayezera anthu odwala khunyu, ndipo woyamba kuyeza munthu mwa njira imeneyi anali dokotala wa ku Germany, Hans Berger, mu 1924. Kungoti kuchipatala amamata timawaya pafupifupi 20 pamutu ponse, pomwe kanga kali ndi timasensa towerengeka. Kamalumikizana ndi foni pa Bluetooth, ndiye mumavala mahedifoni n'kutsinzina. Maganizo akamayendayenda, phokoso m'makutumo limakula. Mukadekha, limazirala. Maziko ake si bodza. M'zaka za m'ma 1960, Joe Kamiya wa ku America anaonetsa kuti anthu angathe kuphunzira kuzindikira ndi kuchulukitsa mafunde a ubongo otchedwa alpha, amene amagunda ka 8 mpaka 12 pa sekondi ndipo amachuluka munthu akatsinzina ali phee.

Tsopano nkhani ya tsitsi, imene sindinaione pa zotsatsa zilizonse. Timasensa timafuna kukhudza khungu lenileni. Pamphumi palibe vuto, bola mupukute mafuta odzola. Koma kuseri kwa makutu, kwa ife a tsitsi lolimbali, ndi nkhondo. Nditaluka tsitsi lalikulu, kalambako kankakhala pamwamba pa zolukazo, foni n'kumangondiuza kuti sikakumva bwino mbali ya kumanzere. Mafuta a tsitsi nawo amasokoneza. Chimene chinandiyendera n'chakuti ndimaluka mizere yopita kumbuyo yosiya malo kuseri kwa khutu, ndimapukuta malowo ndi kansalu konyowa, ndimavala kalambako, kenako ndimamanga duku pamwamba pake kuti kasasunthe. Duku likakhala pansi, iwalani. Ovala wigi afunika kuivula. Zikuoneka zazing'ono, koma mukatha mphindi khumi mukulimbana ndi kachipangizo kamene mwagula kuti kakukhazikeni mtima pansi, mumayamba muli okwiya kale.

Miyezi yoyambirira ndinkakavala madzulo ndisanagone, ndili pampando. Phindu lalikulu linabwera mosayembekezera. Ndinaona kuti phokoso limakwera kwambiri ndikalumanitsa mano, chifukwa minofu ya nsagwada ndi ya pamphumi imatulutsa magetsi amphamvu kuposa a ubongo, ndipo timasensa timatola zonsezo. Sindinkadziwa kuti ndimakhala nditaluma mano pafupifupi tsiku lonse. Ndikamasula nsagwada, kutsitsa mapewa, kulola lilime kugona pansi, n'kupuma motulutsa mpweya pang'onopang'ono, phokoso linkatsika pomwepo. Kumva kusinthako m'makutu n'kumene kunandiphunzitsa. Anthu anali atandiuzapo kambirimbiri kuti "ingodekhani mayi", koma palibe anandionetsa kuti kudekhako kumamveka bwanji m'thupi.

Patapita miyezi ingapo ndinayamba kuchita zomwezo popanda kalambako. Kutentha kukandidzutsa, ndimavundukula bulangeti, ndimamwa madzi ozizira amene ndimaika pambali pa bedi, ndimamasula nsagwada, n'kumawerenga mpweya. Masiku ambiri tulo timabwereranso. Ngakhale kuntchito, wokalamba wina wosokonekera maganizo akandikalipira, ndimadzigwira msanga kuposa kale. Kwa ine kalambako kanali ngati munthu amene amakugwirira njinga kumbuyo ukamaphunzira kupalasa: wofunika kwambiri poyamba, koma cholinga n'chakuti adzasiye.

Mbali yogona nako usiku wonse kuti kakupatseni malikisi a tulo m'mawa, imeneyo ndinaisiya, ndipo amayi anzanga ndikukulangizani muisamale. Thukuta likatuluka, timasensa timasokonekera, ndiye usiku umene ndinkafunitsitsa kudziwa chimene chachitika ndi umene zotsatira zake zinkakhala zodukaduka. Chinanso, kudzuka uli bwinobwino kenako foni n'kukuuza kuti wagona moipa kumawononga tsiku. Mu 2017 madokotala a tulo ku America analemba za odwala amene tulo tawo tinaipiraipira chifukwa cholimbana ndi manambala a zipangizo zotere. Ndikuwamvetsa odwalawo.

Palinso kafukufuku amene aliyense ayenera kumudziwa asanatulutse ndalama. Mu 2017 momwemo, Manuel Schabus ndi anzake a ku Salzburg ku Austria anayesa njira yophunzitsa ubongoyi pa anthu osowa tulo. Nthawi zina ankawapatsa zizindikiro zenizeni zochokera mu ubongo wawo, nthawi zina zachinyengo, iwo osadziwa. Anthuwo ananena kuti akugona bwinoko mbali zonse ziwiri mofanana, koma makina oyeza tulo sanaonetse kusintha. Nditawerenga zimenezi sindinakhumudwe, chifukwa zikugwirizana ndi zimene ndaona. Sindikhulupirira kuti kalambako kanasintha ubongo wanga. Kanandikhazika pansi madzulo aliwonse, foni ili chafufumimba, ndikumvetsera thupi langa, ndipo zimenezo pazokha n'zamtengo wapatali kwa mayi amene tsiku lonse amasamalira ena.

Kutentha kuja gwero lake ndi lina. Homoni ya estrogen ikachepa, kachigawo ka ubongo koyang'anira kutentha kwa thupi, hypothalamus, kamayamba kutekeseka ndi kusintha kochepa kwambiri, n'kulamula thupi kuti litulutse thukuta. Kupuma bwino sikubwezeretsa homoniyo. Ndipo si nkhani ya miyezi iwiri. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa SWAN anapeza mu 2015 kuti kwa amayi amene amatentha pafupipafupi, vutoli limatenga zaka pafupifupi 7, ndipo kwa amayi akuda limafika zaka 10. Zimenezi zinandikhudza, chifukwa ambiri a ife tinaleredwa kuti za kumwezi sitikamba, timangopirira. Zaka khumi zosagona si zopirira.

Ndiye ndinapita kwa dokotala. Anayamba wandiyeza magazi, chifukwa chithokomiro ndi kuchepa kwa magazi nazonso zimathamangitsa mtima. Titakambirana za mbiri ya matenda m'banja mwathu, anandiyambitsa mankhwala obwezeretsa mahomoni, a HRT, ndipo amenewo ndi amene anachepetsa thukuta la usiku. Kwa okhala ku England, kuyambira April 2023 pali satifiketi imene mumalipira kamodzi pachaka n'kumatenga mankhwala ambiri a HRT osalipiranso. Amene sangamwe mahomoni afunse za njira zina, monga mankhwala ochepetsa kutentha otchedwa fezolinetant, amene anavomerezedwa ku America mu 2023.

Chinanso chimene chinandithandiza pa tulo kuposa kalambako ndi malangizo a CBT a anthu osowa tulo, njira yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zizolowezi zake popanda mankhwala. Mfundo zake n'zovuta kutsatira koma n'zomveka: kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kusapita kukagona tulo tisanabwere, ndipo tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, kudzuka n'kukakhala pena mpaka maso alemere. Kwa ife a mashifiti osinthasintha, ya kudzuka nthawi imodzi ija imavuta, ndinachita kupempha kuti andichotse pa mashifiti a usiku. Mu 2016 kafukufuku wa ku America anaonetsa kuti malangizo amenewa, ngakhale operekedwa pa telefoni, anathandiza amayi osiya kusamba kugona bwino ngakhale kutentha kunali kusanathe. Mu 2024 bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a chithandizo ku England, linaika CBT pa njira zothandizira mavuto a tulo a nthawi imeneyi.

Za kulimba kwa kachipangizoko: nsalu yatanuka pang'ono chifukwa cha thukuta ndi kuchapa, batire silikhalitsa ngati poyamba, koma kakugwirabe ntchito. Mtengo ndi mapaundi mazana angapo, ndipo zina za mu pulogalamu yake zimafuna kulipira mwezi ndi mwezi. Ndinasiya kulipirako, zaulere zikundikwanira. Panopa ndimakavala mwa apo ndi apo, makamaka sabata ikakhala yolemera n'kuona kuti ndayambanso kuluma mano.

Amene kangawathandize ndi mayi amene vuto lake lalikulu ndi maganizo othamanga, amene anayesapo kukhala chete n'kulephera, ndipo ndalamayo siimupweteka. Ngati mnzanu ali nako, bwerekani kaye kwa milungu ingapo, mwina phunziro lonse mulitenga pamenepo. Achemwali anga a ku Lilongwe anafuna kuti ndiwatumizire, koma ndinawauza kuti ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku chipatala: akayezetse BP, shuga ndi magazi, ndipo afotokoze za thukuta la usikulo mosabisa, chifukwa kwathu thukuta la usiku likabwera ndi chifuwa chosatha kapena kuwonda, pamafunika kuyeza TB. Za kumasula nsagwada ndi kupuma ndinawaphunzitsa pa WhatsApp, ndipo akuti akuzichita.