Lole yobwerera ku Chipata imene inatisamutsa kuchokera ku Lusaka

Kalata yondisamutsira ku Chipata itafika kuntchito, chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri chinali katundu, popeza mtunda wa makilomita oposa 550 si wonyamulira kabati ndi firiji pa basi. Makampani osamutsa anthu a mu Lusaka anatchula mitengo imene inandiumitsa pakamwa. Mlamu wanga ndiye anandiuza za malole a ku Chipata amene amabweretsa nshawa, soya ndi chimanga ku Lusaka, ndipo pobwerera amafunafuna chilichonse choti anyamule kuti asapite opanda kanthu. Ndinapangana ndi kampani ina yaing'ono yotere, imene sindiitchula dzina, ndipo ndalama zimene tinagwirizana sizinafike ngakhale theka la zimene enawo ankafuna.

Kutsika mtengo kumeneku kuli ndi gwero lake. Chipata ndi tauni imene yakhala ikudya za m'munda kuyambira kale, pamene inkatchedwa Fort Jameson ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Poyamba inakula ndi fodya, kenako thonje ndi nshawa, ndipo mpaka lero zokolola zimatuluka pa malole pamene feteleza ndi katundu wa m'masitolo zikulowa. Munthu wosamuka amangokwera nawo pa ulendo wa malonda a eni ake, ndipo ine ndinazindikira mochedwa kuti pa ulendo wotere mipando yanga si imene ili patsogolo.

Tinapangana Lachisanu m'mawa, koma lole inafika Loweruka masana, itadzaza kale matumba a feteleza mbali ya kutsogolo, poti unali mwezi wa Okutobala ndipo alimi anali kukonzekera mvula. Palibe amene anandiimbira foni kundiuza za kuchedwaku, moti ana anagona pansi usiku umenewo chifukwa mabedi tinali titamasula kale. Ichi ndicho chinandipweteka koposa zonse.

Mkwiyo unayamba kuzirala nditaona mmene adalaivala, bambo wachikulire wa mawu ochepa, ankalongedzera katundu ndi anyamata awo awiri. Anayamba asesa makoko a nshawa, n'kuyala masaka pansi, ndipo anakana kugoneka firiji ngakhale kuti ikanatenga malo ochepa. Nditafuna kuti matilesi akhale pansi pa zonse, iwo anati, "Amayi, amenewa tiwaimika pakati pa kabati ndi firiji, chifukwa ku Manenekela katundu amavina." Zingwe anazikoka okha, osasiyira anyamata, ndipo tenti anaimanga mwakuti fumbi silinalowe.

Ana ndi bambo awo anakwera basi, ine ndinakhala kutsogolo kwa lole. Titadutsa Rufunsa ndinamvetsa zimene adalaivala ankanena, pakuti msewu umakhotakhota m'mapiri ndipo iwo ankatsika pang'onopang'ono, osasamala za mabasi amene ankatipitirira. Tinagona pa mlatho wa Luangwa, pamene amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, chifukwa anati sayenda usiku ndi katundu wa munthu. Kutentha kwa m'chigwa chimenecho mu Okutobala sikulola tulo, komabe sindingawanene pa chisankho chimenechi. Mawa lake tinagula nthochi pa Nyimba, kenako tinataya maola ambiri ku Petauke ndi ku Katete tikutsitsa feteleza wa anthu ena. Panabukanso kamkangano pa ndalama zolipira pa ma toll gate, zimene mwini kampani ananena pa foni kuti ndi zanga, chikhalirecho sanazitchule tsiku lopangana. Ndinalipira, koma mtima sunakondwe.

Tinalowa mu Chipata dzuwa litapendeka, tauni ili phee m'chigwa pakati pa mapiri ake. Kanjira kopita ku nyumba imene tinapeza n'kokwera ndiponso kamiyala, ndipo lole inalephera kukhota. Ndinayesa kuti atitsitsira pamsewu n'kumapita, koma adalaivala anaitana anyamata a njinga, amene kuno amanyamula anthu, makala ngakhalenso mbuzi, nakambirana nawo mtengo m'malo mwanga kuti asandione chilendo. Makatoni onse anakwera pa njinga, ndipo zolemera anazisenza anyamata a pa lole. Asananyamuke anandichenjeza kuti ndisayatse firiji mpaka kutacha.

Chimene chinawonongeka ndi galasi limodzi la chitseko cha kabati. Mwini kampani anakana kulipira ponena kuti panalibe chimene tinalemberana, ndipo pamenepo ndinalibe poyankha. Adalaivala aja ndiwo anabwera patapita masiku atatu, natenga chitsekocho kupita nacho kwa kalipentala wina pafupi ndi msika wa Kapata, pamene ine ndinakagula galasi ku Down Shops, kumene kuli masitolo akale a amwenye. Ulendo umenewo ndiwo unandiphunzitsa tauni, chifukwa ndinaona kuti zambiri zimene ndinavutika kunyamula, monga ndowa, mapoto ndi mipando ya pulasitiki, zimapezeka pomwepo kapena ku Saturday Market.

Amene ali ndi katundu wolimba komanso masiku awiri kapena atatu oti angataye, ndingamulimbikitse kufuna lole yotere, makamaka miyezi yokolola itangotha pamene malole opita ku Lusaka amachuluka. Alemberane tsiku, ndalama za pamsewu ndi za chimene chingasweke, ndipo afunse ngati mudzakhale katundu wina wotsitsa m'njira. Amene ali ndi zinthu zambiri zagalasi, kapena akuyamba ntchito Lolemba, kuli bwino alipire kampani yodula ija. Ife tatha miyezi inayi tsopano, ndipo mwana wamng'ono akupezabe makoko a nshawa m'mphepete mwa sofa.