PrEP: mankhwala ndi abwino, vuto ndi kokatengera

Nyenyezi 4 mwa 5.

Ndimapikula usipa ndi utaka m'madoko a kuno ku Mangochi n'kukagulitsa ku Limbe, ndiye kugona kunja sikusowa. PrEP ndinayamba chaka chatha pachipatala cha boma chapafupi ndi kwathu. Ndi piritsi limene munthu wopanda HIV amamwa tsiku lililonse kuti asatenge kachilomboko. Amayamba akuyeza kaye magazi, ndipo sulipira ngakhale tambala. Anamwino anandilandira bwino, osandifunsa zoti ndili pabanja kapena ayi. Anandiuza kuti mankhwalawa amayamba kuteteza ukamwa masiku 7, komanso kuti sateteza ku chindoko, chinzonono ndi mimba, kondomu ikufunikabe.

Poyamba ndinkamva nseru ndi kamutu, koma zinatha zokha. Chimene chinandisautsa ndi botolo. Limafanana ndi la ma ARV, ndipo ukakwera kabaza limangoti tcheketcheke m'chikwama, anthu n'kumakuyang'ana. Ndinaikamo thonje, nkhani inatha.

Nyenyezi imodzi ndachotsera kutenga kwake. Pakatha miyezi itatu iliyonse uyenera kubwerera kukayezetsa ndi kulandira ena. Mzere umayamba m'mamawa, nthawi yomwe mabwato akukocheza. Ukasankha chipatala, nsomba zapita ndi anzako. Nanga wochokera ku Makanjira kapena kuseri kwa Namwera? Asodzi ambiri amene ndimawadziwa anasiyira pomwepa, osati chifukwa chodana ndi mankhwala.

Pa boma mafamase alipo ndipo ena amatseka kutada. Bwanji osawalola kuyeza ndi kupereka PrEP, ngakhale kwa ife oyamba kale? Ku California ku America lamulo la 2019 linalola a famase kupereka PrEP ndi PEP popanda kalata ya dokotala, n'kuletsa makampani a inshuwaransi kuchedwetsa anthu ndi zilolezo. PEP, mankhwala amene umamwa ukaganiza kuti mwina wakhudzana ndi kachilomboko, ndiye imafunikadi changu, pajatu iyenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Ngozi ikachitika Lachisanu usiku padoko, famase ndiyo ili pafupi.

Za inshuwaransizo, kuno inshuwaransi ya zachipatala ya MASM ndi ya anthu a pa ntchito zolembedwa makamaka, ife a m'madoko tilibe. Ndiye akapita nawo ku famase, akhalebe aulere.

Jakisoni wa PrEP wotchedwa cabotegravir, wobaya miyezi iwiri iliyonse, anayambira ku Blantyre ndi Lilongwe mu 2024. Akafika pachipatala chathu ndidzasintha, koma pakadali pano piritsi ndimamwa ndikamadya nsima yamadzulo kuti ndisaiwale.