Thabwa loyezera msinkhu wa ana: zimene taona patatha zaka zinayi lili pakhoma

Papita zaka zinayi kuchokera pamene tinakhoma thabwa loyezera msinkhu wa ana m'chipinda chathu chochezera, ndipo popeza makolo anzathu akaliona amakonda kufunsa ngati n'loyenera kugula, ndaganiza zofotokoza bwinobwino mmene latithandizira ndi pamene latigwiritsa mwala. Ine ndi akazi anga tili ndi ana atatu. Wachisamba ndi mtsikana wa zaka 7, wopondana naye ndi mnyamata wa zaka 5, ndipo wamng'ono wangokwanitsa kumene zaka 2. Tisanagule thabwali tinkalemba timizere ta pensulo pa mphuthu ya chitseko, koma tinkadziwa kuti tsiku lina tidzasamuka m'nyumba imeneyo n'kusiya timizereto kuti mwini nyumba adzatifute ndi penti.

Thabwalo ndi la mtengo wa paini, lotalika masentimita 150, ndipo m'lifupi mwake ndi masentimita pafupifupi 20. Manambala ake amayambira pa 30 n'kukathera pa 180, kutanthauza kuti liyenera kupachikidwa m'mwamba pang'ono, kuti pakati pa kunsi kwake ndi pansi pakhale mpata wa masentimita 30. Mbali ina kuli masentimita, mbali inayo mainchesi. Chimene chinandisangalatsa tsiku loyamba, ndipo chikundisangalatsabe, n'chakuti manambala ndi mizere anachita kuwotchera m'thabwamo, si zomata zimene mwana angazikanganule ndi chikhadabo. Nditaika tepi ya amisiri pambali pake ndinapeza kuti mizere yake ndi yolondola kuyambira kunsi mpaka kumwamba. Pa ntchito ya umisiri ndilibe chodandaula, pakuti m'mphepete mwake anasalaza bwino ndipo m'zaka zinayi zonsezi silinapindike kapena kung'aluka.

Vuto linayambira pa kupachika. Kapepala ka malangizo kanali ndi ziganizo ziwiri zokha, ndipo kumbuyo kwa thabwa kuli kachitsulo kamodzi kokolowekera pa msomali. Ndinayeza mpata wa pansi uja mosamala, koma sindinaganizire zakuti thabwa likakolowekedwa limatsikako pang'ono, moti linakhala m'munsi ndi masentimita awiri kuposa mmene linayenera kukhalira. Kwa miyezi ingapo ana athu ankaoneka atali kuposa mmene analili, ndipo tinadzazindikira tsiku limene anamwino anayeza mwana wamkaziyo n'kupeza masentimita 97, pamene ife dzulo lake tinali titalemba 99 monyadira. Kulakwitsako kunali kwanga, komabe opanga thabwali akanachenjeza kuti munthu ayezenso akamaliza kupachika. Kachitsulo kamodzi kaja sikokwaniranso m'nyumba mmene muli mwana woyamba kumene kuyenda, chifukwa amagwira kunsi kwa thabwa n'kumalikoka, ndipo ife tinachita kuboola kunsiko n'kulimanga ndi wononga wachiwiri. Palinso kanthu kena kamene munthu saganizira pogula: popeza thabwa ndi lochindikala ndipo silifika pansi, mwana akatsamiritsa msana ndi mutu pathabwapo zidendene zake zimalowa mumpata uja, ndiye amaima mopendekeka. Tinaika kathabwa kakang'ono pansi pake kuti zidendene zizigunda pamenepo.

Pakati pa thabwa analembapo mawu a pa Luka 2:52, onena kuti Yesu anakula mu nzeru ndi mu msinkhu, nakondedwa ndi Mulungu ndi anthu, ndipo kunena zoona mawu amenewa ndiwo anatikopa kuti tisankhe thabwa limeneli m'malo mwa ena okhala ndi zithunzi za nyama. Koma amene anakonza kaonekedwe kake zikuoneka kuti sanayezepo mwana. Vesilo analilemba ndi zilembo zikuluzikulu kuyambira pa masentimita 90 mpaka 120, ndipo amenewa ndiwo malo enieni amene ana a zaka zapakati pa 3 ndi 7 amakhalapo. Kumwamba kwa 150, kumene mwana sadzafikako mpaka atatha msinkhu, kuli mbee, pamene malo amene timawafunitsitsa ndi odzaza kale, moti mayina ndi masiku a ana athu apanikizana m'mphepete ngati nyerere. Vanishi amene anapaka ndi woterera kwambiri, pensulo sigwira ndipo bolopeni imangotsetsereka; chimene chimalemba bwino ndi cholembera cha inki yosafufutika chokhala ndi nsonga yopyapyala, ndipo munthu ayenera kudikira kamphindi kuti iume asanalole tizala kukhudzapo.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti thabwa lotere silingalowe m'malo mwa kuyeza kwa kuchipatala. Miyezo imene azaumoyo m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito ndi imene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2006, litatsatira kakulidwe ka ana oposa 8,000 a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States pakati pa 1997 ndi 2003. Malinga ndi miyezo imeneyo, mwana wosakwana zaka 2 amayezedwa atagona, ndipo kutalika kwa mwana atagona kumaposa kutalika kwake ataimirira ndi masentimita pafupifupi 0.7. Choncho kwa khanda thabwali ndi chokongoletsa khoma chabe, ndipo wamng'ono wathu wangolembedwapo koyamba mwezi wathawu. Manambala okha sauzanso kholo ngati mwana akukula bwino, pakuti zimenezo zimadziwika poyerekeza kutalika ndi kulemera kwake ndi zaka zake pa nthawi yaitali. Chimene thabwa limachita bwino ndi kuonetsa ndi maso zimene mabuku amanena: mwana amabadwa ali ndi masentimita pafupifupi 50, amawonjezera pafupifupi 25 m'chaka choyamba ndi pafupifupi theka la amenewo m'chaka chachiwiri, amafika cha m'ma 100 akamakwanitsa zaka 4, kenako liwiro limachepa n'kumangowonjezera masentimita 5 mpaka 7 pachaka. Mizere ya mtsikana wathu ikuchitira umboni zimenezi, kuyambira pa 95 ali ndi zaka 3 mpaka pa 121 pamene wafika lero.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti thabwa lingadzetse mpikisano m'nyumba. Tinkalemba ana onse pamalo amodzi, aliyense ndi mtundu wake wa inki, ndipo mtsikanayo atangophunzira kuwerenga manambala anatulukira kuti pamene iye anali ndi zaka 4 anali wamtali kuposa mlongo wake pa zaka zomwezo, ndi masentimita atatu. Sanachedwe kulengeza. Mnyamatayo anayamba kuimirira ndi zala za kumapazi pomuyeza, kukweza chibwano, ngakhale kubwera atavala nsapato zanga, ndipo tsiku lina madzulo, nditaika buku lachikuto cholimba pamutu pake n'kupeza kuti mzere sunasunthe kuchokera mwezi wapitawo, anangokhala pansi n'kuyamba kulira mwakachetechete. Pogona anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ababa, lero mupemphere kuti nditalike usiku womwe uno." Ndinapemphera, koma mawu anga ndinawasankha mochenjera, ndikupempha kuti Mulungu amukulitse pa nthawi yake. M'mamawa kusanache bwino anandidzutsa kuti tikayeze, ndipo buku lija linaima pamwamba pa mzere wadzulo ndi sentimita yathunthu.

Iye anavina m'chipinda monse. Ine ndinaima ndi cholembera m'manja ndili ndi nkhondo mumtima, chifukwa ndinkadziwa chimene chinachitika. Munthu aliyense amakhala wamtali pang'ono m'mawa kuposa madzulo, pakuti timinofu tokhala pakati pa mafupa a msana timafinyika tsiku lonse pamene akuyenda ndi kuimirira, ndipo usiku akagona timabwerera m'malo mwake. Kumusiya akhulupirire kuti pemphero layankhidwa motero kukanakhala kosavuta, koma madzulo a tsiku lomwelo sentimita ija ikanachoka, ndipo akanaphunzira kuti Mulungu amapereka m'mawa n'kulanda madzulo. Ndinamukhazika pamiyendo n'kumufotokozera za msana wake, ndikumuonetsa ndi siponji yotsukira mbale mmene chinthu chimafinyikira n'kufufumanso. Anakhumudwa pang'ono, kenako anafunsa kuti anapanga timasiponji ta mumsanamo ndani, ndipo yankho la funso limenelo analidziwa yekha. Kuyambira tsiku limenelo timayeza m'mawa mokhamokha, kawiri pachaka basi, ndipo mwana aliyense ali ndi mbali yakeyake ya thabwa. Ndikanakonda opanga akanajambuliratu mizere yogawa malo a ana awiri kapena atatu, chifukwa mabanja ambiri ogula chinthu chotere sakhala ndi mwana mmodzi.

Nkhani imeneyi inandibwezera ku vesi lolembedwa pathabwa lija, ndipo ndinapeza kanthu kamene sindinkakadziwa. Mawu a Chigiriki amene Luka anagwiritsa ntchito ponena za msinkhu wa Yesu amatanthauza kutalika komanso zaka za munthu, monga momwe mawu athu akuti msinkhu amachitira. Ndi mawu omwewo amene ali pa Luka 19:3, pamene Zakeyu analephera kuona Yesu chifukwa cha kufupika, ndiponso pa Mateyu 6:27, pamene Yesu akufunsa kuti ndani mwa kuda nkhawa angawonjezere mkono umodzi pa msinkhu wake, ndipo n'chifukwa chake omasulira ena pamenepo amanena za kutalikitsa moyo. Mkono ndi masentimita pafupifupi 45, ndipo ndinaseka ndekha nditawerengera kuti mwana aliyense amawonjezera mkono wathunthu zaka 4 zisanakwane, popanda kuda nkhawa ngakhale tsiku limodzi. Amene amada nkhawa ndife makolo. Vesi la pa Luka lija limatchula zinthu zinayi, koma thabwa limayeza chimodzi chokha, chimenenso kholo lili ndi mphamvu yochepa pa icho kupatula kudyetsa mwana bwino, kumuteteza ku matenda ndi kumugoneka pa nthawi yake. Tsiku limene mtsikana wathu anapepesa mlongo wake popanda womuuza silinalembedwe paliponse, chifukwa palibe mzere wake.

Akazi anga ndi amene anandikumbutsa za Hana, amene anapereka Samueli ku nyumba ya Mulungu ku Silo atangomuletsa kuyamwa, ndipo malinga ndi 1 Samueli 2:19 ankamusokera kamwinjiro chaka ndi chaka n'kumupititsira popita kukapereka nsembe. Iwo amati amadabwa kuti mayi ameneyu ankadziwa bwanji muyezo wa mwana amene sanamuone chaka chathunthu, ndipo amaganiza kuti ankasoka chokulirapo n'kumayembekezera. Ife tili ndi vuto losiyana ndi lake, pakuti ana timawaona tsiku lililonse ndipo chifukwa cha chimenecho sitiona kuti akukula. Timangodzidzimuka diresi itafupika, kapena kamwana kamene kankapempha kunyamulidwa kuti kayatse magetsi katayatsa kokha. Apa ndi pamene thabwali lili ndi phindu lenileni kwa ine, ndipo phindu limeneli likuposa zofooka zonse zimene ndatchulazi. Limaunjika pamalo amodzi masiku amene anadutsa ife tili otanganidwa ndi kuchapa, kulangiza ndi kuthamangira kuntchito, ndipo pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana aliyense timaima pamenepo banja lonse, kulemba mzere watsopano ndi kuyamika Mulungu chifukwa cha mpata umene uli pakati pa mzerewo ndi wa chaka chatha.

Kwa kholo limene likufuna chida cholondola choyezera thanzi la mwana, thabwali si loyenera, ndipo kwa amene ali ndi nyumba yakeyake yosadzasamukamo, mphuthu ya chitseko ndi pensulo zingagwire ntchito yomweyo. Koma kwa banja losamukasamuka ngati lathu ndi chinthu chabwino kukhala nacho, bola pogula musankhe limene mawu ake analembedwa kumwamba kapena cham'mbali, likhale ndi pokolowekera pawiri, ndipo mukapachika muyezenso ndi tepi musanalembe mzere woyamba. Ife tinasamuka chaka chatha, ndipo thabwali tinalikulunga m'bulangete n'kulinyamula pamiyendo m'galimoto. M'nyumba yatsopanoyi ndinayeza katatu ndisanakhome msomali. Mwezi wathawu wamng'ono uja anaima pamenepo koyamba, achemwali ake atamugwira zidendene ndipo achimwene ake atanyamula buku, ndipo anafika pa masentimita 86, pang'ono chabe kunsi kwa chilembo choyamba cha vesi lija.