Ndemanga pa ntchito ya alangizi amene anatithandiza kukonza malo a zaumoyo ku Rosettenville

Gulu lililonse la Amalawi okhala ku Johannesburg limene likuganiza zotsegula malo akeake othandizira anthu pa zaumoyo komanso ochitirapo misonkhano limafika pofunsana ngati kuli koyenera kulipira alangizi kapena kungochita zonse lokha. Komiti yathu, imene inapangidwa ndi gulu la maliro, mipingo ya anthu akwathu ndiponso abale achisilamu ochokera ku Mangochi ndi ku Machinga okhala m'madera a Rosettenville ndi Turffontein, inasankha kulipira kakampani kena kamene ntchito yake ndi kuthandiza mabungwe osapanga phindu kulembetsa ku boma, kukonza bajeti ndi kufunafuna opereka thandizo. Dzina la kampaniyo sindilitchula, popeza makampani otere ndi ambiri mumzinda muno ndipo zimene ndikufotokoza zingathandize posankha iliyonse mwa iwo. Kuona kwanga n'kwakuti ndalama imene tinalipira sinapite pachabe, ngakhale kuti pa zinthu zina zokhudza moyo wa Mmalawi ku Joni alangiziwo anali alendo kuposa ifeyo.

Chinthu chachikulu chimene anatichitira chinali kutikaniza maganizo amene tinapita nawo. Ife tinkafuna chipatala chaching'ono chokhala ndi namwino wakwathu ndi kabati ya mankhwala, poganizira kuti pakati pathu pali amayi amene anaphunzira unamwino ku Malawi koma kuno akusamalira okalamba m'nyumba za anthu. Mayi amene ankatsogolera ntchitoyo anatifotokozera modekha kuti namwino sangagwire ntchito yake m'dziko lino asanalembetse ku South African Nursing Council, kuti kupereka mankhwala kumafuna chilolezo china pansi pa lamulo la mankhwala la 1965, ndiponso kuti masingano ogwiritsidwa kale ntchito ndi thonje la magazi sizitayidwa m'bini wamba koma zimatengedwa ndi kampani yovomerezeka imene imalipiritsa mwezi ndi mwezi. Ataphatikizapo inshuwalansi yoteteza bungwe ngati wodwala atavulazidwa, tinaona tokha kuti zopereka zathu sizikanakwanitsa.

Bambo wina wachikulire wa m'komiti mwathu anakwiya ndithu, nanena kuti sitinasonkhe ndalama kuti tidzauzidwe zimene sitingathe. Koma mayiyo anatikumbutsa kuti gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufulu wolandira thandizo la zaumoyo kwa munthu aliyense, osati nzika zokha, ndipo limaletsa kubweza munthu amene wadwala mwadzidzidzi. Anatchulanso lamulo la zaumoyo la 2003 ndi chigamulo chimene khoti lalikulu la ku Johannesburg linapereka mu April 2023, chonena kuti amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 ayenera kuthandizidwa kwaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko limene anachokera. Tonse tikudziwa kuti zimene zili m'malamulo ndi zimene munthu amakumana nazo pa mzere wa kiliniki sizifanana nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene alangiziwo anati ntchito yathu ili. Anatilangiza kuti malo athu akhale othandiza anthu kufika ku chithandizo chimene chilipo kale: kuperekeza mayi amene salankhula Chingerezi kapena Chizulu, kumasulira kwa amene amalankhula Chiyao chokha, kuthandiza amene abwera kuchokera kumudzi ndi kabuku ka kuchipatala kuti asadukize kumwa ma ARV, ndi kuitana anamwino ovomerezeka masiku ena kudzayeza BP ndi shuga. Anatiuzanso za ndondomeko ya boma ya CCMDD, imene imalola anthu a matenda okhalitsa kutengera mankhwala awo pamalo ena kunja kwa kiliniki, ngakhale kuti anatichenjeza kuti tisayembekezere kuti malo athu avomerezedwa msanga kukhala otengerapo mankhwalawo.

Za kulembetsa sindichulutsa mawu, chifukwa anazichita bwino ndipo si zovuta kwenikweni. Kulembetsa bungwe losapanga phindu (NPO) ku Department of Social Development pansi pa lamulo la 1997 n'kwaulere, pamene kampani yosapanga phindu imalembetsedwa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndipo imafuna madairekitala osachepera atatu. Chimene sitinkachidziwa n'chakuti kukhala NPO sikutanthauza kuti SARS, nthambi ya boma yotolera msonkho, yakukhululukirani msonkho. Pamafunika pempho lina, komanso chilolezo chopereka malisiti a gawo 18A la lamulo la msonkho, amene amalola wopereka thandizo kuchotsera mphatsoyo pa ndalama zake zokhomeredwa msonkho mpaka 10 peresenti. Popanda malisiti amenewa, makampani ambiri amazengereza kupereka kalikonse.

Pa nkhani ya ndalama ndi pamene ndinaona kufunika kwa munthu wakunja amene sachita manyazi ndi aliyense. Iwo anagawa bajeti pawiri, ndalama zoyambira ndi ndalama zoyendetsera, ndipo anatikakamiza kuyang'anitsitsa gawo lachiwirilo: lendi, magetsi ogula mayunitsi, madzi, mlonda, wosesa ndi intaneti. Anati n'kosavuta kupeza munthu wogula mipando ndi penti, chifukwa zimenezo zimaoneka pa chithunzi, koma wolipira magetsi a mwezi wa June amasowa. Anakananso kwamtuwagalu maganizo a ena oti tibwereke ku thumba la maliro, ndipo ndikuwayamikira pa chimenechi, chifukwa ndalama imeneyo ndi imene imanyamula thupi la mnzathu kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, ndipo maliro sapangana ndi munthu tsiku. Maakaunti awiriwo, a thumba la maliro ndi a malo athuwo, anawalekanitsa, aliyense ndi osayinira ake.

Chikalata chimene ndimachiona chamtengo wapatali pa zonse zimene anatilembera ndi pangano la pakati pa magulu athu. Chimanena gawo la lendi limene gulu lililonse lizilipira, masiku amene holo ili m'manja mwa yani, kuti ndalama zobwereketsa holo pa zinkhoswe ndi maphwando a Loweruka zizilowa kuti, ndiponso zimene zidzachitike ndi katundu ngati gulu lina litatuluka. Poyamba ena anaona ngati kulemba zotulukana tisanayambe n'komwe ndi kulodza ntchito, koma mkangano woyamba umene unabuka, wokhudza ngati nyama ya nkhumba ingaphikidwe m'khitchini ya malo amene Asilamu ndi Akhristu akugawana, unatha mofulumira chifukwa njira yothetsera mikangano inali italembedwa kale.

Anatibwezanso pa nyumba ina ya lendi yotsika imene tinaikonda, atapeza kuti malowo ndi ovomerezeka kukhalamo anthu basi malinga ndi ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka malo ya mzinda ya 2018, ndiponso kuti inali ndi khomo limodzi lokha lotulukira. Palibe amene anatsutsa, popeza moto wa pa 31 August 2023 m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, umene unapha anthu oposa 70 kuphatikizapo Amalawi, sunachoke m'mitima yathu.

Zofooka zawo zinali zenizeni, ndipo chachikulu chinali nkhani ya mapepala. Lamulo la FICA la 2001 limafuna kuti banki idziwe bwino aliyense wosayinira akaunti, kutanthauza pasipoti yogwira ntchito, chilolezo chokhalira m'dziko ndi umboni wa kumene munthuyo amakhala. Alangiziwo anangoti tisankhe anthu a mapepala abwino, osaona kuti potero mphamvu zonse za bungwe zikupita kwa anthu ochepa, pamene amayi amene amasonkha mokhulupirika ndi kuyendera odwala akutsala kunja. Tinachita kuwapempha kuti awonjezere m'malamulo a bungwe khonsolo ya mamembala imene imavomereza ndalama iliyonse yaikulu isanatuluke, ndipo anatilipiritsa padera pa kusinthako, chinthu chimene sindinagwirizane nacho.

Bajeti yawo inaganizanso kuti zopereka za mamembala zimabwera mofanana chaka chonse. Aliyense wa ife amadziwa kuti mvula ikayandikira kwathu ndalama zimapita pa Mukuru kukagula feteleza ndi mbewu, kuti mu December mabasi amadzaza ndi opita kumudzi, ndipo mu January anthu amakhala alibe kanthu. Anadaliranso kwambiri thandizo la National Lotteries Commission, limene bungwe latsopano lopanda malipoti a zachuma a zaka zam'mbuyo silingaliwerengere ngati ndalama ya m'thumba. Kuwonjezera apo, zikalata zonse zinali m'Chingerezi cha maloya, moti mlembi wathu anagwira ntchito yaikulu yozimasulira kuti mamembala avomereze zimene akuzimvetsa.

Gulu limodzi lofuna kungolembetsa NPO lisawononge ndalama pa alangizi, chifukwa mlembi wodziwa Chingerezi angathe kulemba mafomuwo yekha, bola akumbukire kuti lipoti la pachaka limafunika pasanathe miyezi 9 chaka cha zachuma chitatha. Koma pamene magulu angapo akufuna kugawana denga limodzi ndi thumba limodzi, ndingalimbikitse kuwalemba ntchito, pogwirizana kuti malipiro azipita gawo lililonse la ntchito likatha, kuti mtengo wa kusintha zikalata ulembedwe m'pangano kuyambira pachiyambi, ndiponso kuti msungichuma wa gulu la maliro akhale nawo pamene bajeti ikukonzedwa.