Kiliniki imene inafunsa chifukwa chimene agogo amadumphira mankhwala Lachinayi

Kwa miyezi 7 tsopano ndakhala ndikuperekeza agogo anga ku kiliniki ina ya m'komboni kuno ku Harare, kumene amalandira chithandizo cha matenda a kuthamanga kwa magazi. Agogowa anachoka ku Dedza ali mtsikana, kutsatira agogo aamuna amene ankagwira ntchito mumzinda uno ukadali kutchedwa Salisbury, ndipo ngakhale Chishona amachiyankhula bwino, thupi likawawa amabwerera ku Chichewa. Zipatala ziwiri zimene tinayamba kupitako zinkangolemba kuti wodwalayo samvera malangizo, n'kuwonjezera mapiritsi.

Sisita, kutanthauza namwino, amene tinawapeza pa kiliniki iyi anachita mosiyana. Anakokera mpando pafupi, kaundula n'kumuika pambali, ndipo anayankhula ndi agogo enieniwo osati ndi ine, ngakhale kuti ine ndi amene ndinkamasulira mawu ena. Atawona kuti BP sikutsika, sanakalipe, koma anapempha kuti, "Gogo, tandiuzani mmene sabata yanu imayendera." Apa m'pamene panatuluka nkhani imene ngakhale ife a m'banja sitinkaidziwa: Lachinayi, tsiku la msonkhano wa amayi kutchalitchi, komanso Lamlungu, agogo sankamwa piritsi la hydrochlorothiazide, chifukwa limakodzetsa pafupipafupi ndipo ankachita manyazi kutuluka pakati pa mapemphero kapena kuimitsa kombi panjira. "Mwana wanga, munthu wamkulu ngati ine ndizidzuka katatu azibusa akulalikira?" anatero agogo. Sisitawo anakambirana ndi adokotala, mankhwala anasinthidwa n'kukhala amlodipine, ndipo anawachenjezeratu kuti akawona miyendo ikutupa abwerere msanga.

Pa nkhani ya chakudya anasonyezanso nzeru yomweyi. M'malo mopereka pepala la zoletsedwa, anafunsa kuti kunyumba amaphika ndani ndiponso ndiwo zimene timakwanitsa kugula ku msika wa Mbare Musika n'zotani. Atamva kuti matemba sasowa pa mbale yathu, anangolangiza kuti tiziwaviika m'madzi kaye kuti mchere uchepe, ndiponso kuti mchere wothira patebulo tiusiye. Nsima sanaikhudze, ndipo ndikukhulupirira kuti akanailetsa agogo sakanapondanso pakhomopo.

Panja, pansi pa mtengo, pali benchi pamene amayi achikulire ophunzitsidwa amamvetsera anthu osweka mtima, potsatira ntchito ya Friendship Bench imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare. Anzathu a Chishona vutoli amalitchula kuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyezo, ndipo agogo, amene akhala akudandaula chiwamwalirire mwana wawo wotsiriza, anakhalapo kawiri n'kubwerako nkhope ili yomasuka.

Zodandaulitsa zilipo ndithu. Mzere umayamba kusanache, ndipo okalamba amadikira limodzi ndi wina aliyense popanda mipando yokwanira. Pa zenera lolandirira mankhwala, amene amagawa amatchula dzina la munthu ndi la mankhwala ake mokweza anthu onse akumva, chinthu chimene chimawononga ulemu womwe sisita uja anaumanga m'chipinda muja. Kawiri konse amlodipine anali atatha, moti tinakagula ku famase ndi madola a ku America. Chinanso n'chakuti, ngakhale malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amachiwerengera Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, pa kilinikiyi sitinapezepo wogwira ntchito wochiyankhula, choncho nkhalamba yopanda mdzukulu woiperekeza ingavutike kufotokoza zakukhosi.

Amene akufuna kupita nawo makolo awo afike m'mamawa, atenge mabotolo onse a mankhwala amene ali kunyumba, ndipo m'chipindamo adzigwire pakamwa kuti wodwala ayankhe yekha. Agogo tsopano amamwa piritsi lawo tsiku lililonse, Lachinayi lomwe, ndipo ulendo wa mwezi wamawa andiuza kale kuti ndikawadikire panja.