ICSI kapena IMSI: ndalama yowonjezerayo ikugula chiyani?

Banja la kuno ku Chipata likapita ku Lusaka kapena ku Johannesburg kukafuna mphatso, vuto likapezeka kuti lili pa mbewu ya abambo, madokotala amatchula ICSI, njira yokumanitsira mbewu ndi dzira mu labu. Zipatala zina zimatchulanso IMSI, yodulirapo.

Ponseponse katswiri wa mu labu amatenga mbewu imodzi yokha n'kuilowetsa m'dzira la mayi ndi kasingano kagalasi. Kusiyana kuli pa kasankhidwe. Pa ICSI, yomwe ana ake oyamba anabadwa mu 1992 kudzera mwa madokotala a ku Brussels, maikulosikopu imakulitsa mbewu ka 200 mpaka ka 400. Katswiri amaona ngati ikusambira bwino, mchira ndi wowongoka, mutu sunapindike. IMSI, yomwe Benjamin Bartoov ndi anzake anayambitsa ku Israel kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, imakulitsa kupitirira ka 6,000. Pamenepo m'mutu mwa mbewu mumaoneka timaenje, ngati nshawa yofumbwa, ndipo ya timaenje tatikulu amaisiya poganiza kuti DNA yake, yomwe imasunga za chibadwa, ndi yowonongeka.

Ukamva zimenezi mtima umathamangira ku IMSI. Koma akatswiri a Cochrane, bungwe lounika pamodzi zofufuza za umoyo, ataunika kafukufuku mu 2013, n'kubwerezanso mu 2020, sanapeze umboni wogwira mtima woti IMSI imachulukitsa ana obadwa amoyo. Bungwe la HFEA, loyang'anira zipatala zothandiza kubereka ku UK, nalonso limaiika pa zowonjezera zopanda umboni wokwanira. Kusankha kwa IMSI kumatenga nthawi yaitali, ndipo nthawiyo mumailipira ndinu.

Ine ndimaganizira banja lomwe lagulitsa soya ndi ng'ombe, layenda makilomita opitirira 500 pa Great East Road, likulipira pogona ndi jakisoni wa amayi. Ulendo woyamba nthawi zambiri mimba sikhala, choncho ndalama ya IMSI ndi bwino kuisungira ulendo wachiwiri wa ICSI. Amene ICSI yawakanika kangapo, mbewu n'kukhala yosaumbika bwino, angathe kukambirana za IMSI ndi dokotala. Mufunseni kuti mwa mabanja amene anawachitira, ndi angati anapita kwawo ndi mwana kumsana.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amayi amamwetsedwa zitsamba zaka ndi zaka, akutchedwa chumba, abambo asanapimitseko umuna. Zaka zotayikazo sizibwezedwa ndi ICSI kapena IMSI, chifukwa mayi akadutsa zaka 35 mazira amayamba kuchepa mphamvu msanga. Abambo, yambani ndinu kukapimitsa chaka chikatha mimba isanaoneke.